Malita 50 pa munthu: mmene Cape Town inapulumukira mipopi isanatsekedwe

Chigubu cha malita 25 chikadzaza madzi chimalemera makilogalamu 25. Amene anasenzapo ndowa kuchokera ku mjigo amadziwa kuti kulemera kumeneku sukumva potukula, umakumva ukafika pakati pa njira. Kumayambiriro kwa 2018, anthu pafupifupi 4 miliyoni a mumzinda wa Cape Town ku South Africa anauzidwa kuti akonzekere kusenza mlingo umenewu tsiku ndi tsiku. Khonsolo ya mzindawo inakonza zoti madzi a m'madamu akangotsika kufika pa 13.5 peresenti, idzatseka mipopi ya m'nyumba zambiri, ndipo aliyense azikatunga malita 25 pa malo pafupifupi 200 olonderedwa ndi achitetezo. Tsiku lotseka mipopilo analitcha Day Zero.

Mukagawa anthu 4 miliyoni pa malo 200, malo amodzi akulandira anthu 20,000 pa tsiku. Banja la anthu anayi likanasenza makilogalamu 100 m'mawa uliwonse, okalamba ndi odwala nawonso akufunika wina wowatungira. Zipatala, pakati pa tauni ndi madera a zisakasa amene anthu ankatunga kale pa mipopi ya onse sanali m'gulu lotsekeredwa, komabe ngakhale mutawachotsa amenewo, mzere wake unali woti sungathe dzuwa lisanalowe.

Tsikulo silinafike. Ambiri amaganiza kuti mvula ndiyo inapulumutsa mzindawo, kapena makina osefa madzi a m'nyanja. Mvula inabweradi, koma inapeza mzinda utadzigulira kale miyezi ingapo. Mu chilimwe cha 2015 Cape Town inkagwiritsa ntchito malita pafupifupi 1.2 biliyoni pa tsiku. Pofika Malichi 2018 inali itatsika kufika pa malita 500 miliyoni ndi pang'ono. Madzi oposa theka anapezeka osati pokumba chitsime chatsopano, koma posintha mmene anthu amasambira, amachapira ndi kugwiritsa ntchito chimbudzi, komanso mmene akatswiri amayendetsera madzi m'mapaipi.

Chimene chinaumitsa madamu

Nyengo ya Cape Town ndi yosemphana ndi yathu. Mvula yawo imagwa m'nyengo yozizira, kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti. Miyezi imene ife tili m'dzinja, iwo ali m'chilimwe chouma cha mphepo yamphamvu, ndipo ndi nthawi imene minda ya mphesa ndi maapozi imafuna kuthiriridwa kwambiri. Choncho madzi amene alowa m'madamu m'miyezi inayi ayenera kukwanira chaka chonse.

Mzindawo umadalira madamu akuluakulu asanu ndi limodzi: Theewaterskloof, Voëlvlei, Berg River, Wemmershoek ndi madamu awiri a Steenbras. Onse pamodzi amasunga madzi okwana malita pafupifupi 900 biliyoni, ndipo Theewaterskloof lokha limasunga oposa theka. Madzi amenewa si a mzinda wokha, amagawana ndi alimi ndi matauni ang'onoang'ono oyandikana nawo. Mu 2014 madamuwa anali odzaza. Kenako mvula inavuta zaka zitatu zotsatizana, 2015, 2016 ndi 2017, ndipo 2017 inali yoipa koposa. Chaka chimodzi cha chilala dongosololi limapirira, chachiwiri limagwedezeka. Chachitatu chinapeza nkhokwe ili kale pansi.

Panalinso kukokana kwa ndale. Malinga ndi malamulo a dzikolo, madamu akuluakulu ndi kagawidwe ka madzi ake zili m'manja mwa boma lalikulu, lomwe linali la chipani cha ANC, pamene khonsolo ya mzinda ndi boma la chigawo cha Western Cape zinali za chipani cha DA. Aliyense ankaloza mnzake chala, madzi akutsikabe.

Nanga nchifukwa chiyani malire anali 13.5 peresenti osati ziro? Madzi a pansi pa damu, pafupifupi 10 peresenti yomalizira, ndi ovuta kuwapopa. Amakhala m'munsi mwa pakamwa pa mapaipi otengera madzi, ndipo amakhala a matope ambiri ovuta kusefa. Ndiye damu likamanenedwa kuti lili pa 25 peresenti, madzi enieni amene mungadalire ndi 15 peresenti. Kagawo kotsala pakati pa 13.5 ndi 10 ndi kamene kakanagawidwa m'zigubu mpaka mvula ibwere.

Malita 50 amatha bwanji

Kwa nthawi yaitali khonsolo inkangoletsa zinthu zapanja: kuthirira kapinga ndi paipi, kutsuka galimoto, kudzaza maiwe osambiramo. Zimenezi zinathandiza, chifukwa m'nyumba zikuluzikulu madzi ambiri a m'chilimwe amathera pa kapinga. Koma zitatha zapanja, panafunika kulowa m'bafa. Pakati pa 2017 munthu aliyense anapatsidwa malire a malita 87 pa tsiku. Pa 1 Febuluwale 2018 malirewo anatsitsidwa kufika pa malita 50.

Apa mpamene pali phunziro lalikulu la kagawidwe ka uthenga. Kuuza munthu kuti "sungani madzi" sikusintha kanthu, chifukwa aliyense amadziona ngati wosamala kale. Kumuuza kuti ali ndi malita 50 kumamukakamiza kufunsa funso limene sanalifunsepo: kodi chimbudzi changa chimamwa malita angati?

Yankho limadabwitsa ambiri. Chimbudzi chamadzi wamba chimatulutsa malita pafupifupi 9 nthawi iliyonse mukagujumula, ndipo zakale zimaposa pamenepo. Munthu wolowa kasanu pa tsiku wataya malita 45 a madzi akumwa asanasambe n'komwe. Shawa wamba imatulutsa malita 10 kapena kuposerapo pa mphindi, choncho kusamba kwa mphindi zisanu kwatha gawo lonse la tsikulo. Makina ochapira zovala amatenga malita pafupifupi 70 pa ulendo umodzi. Kuti mudziwe za shawa yanu simufunika katswiri: ikani ndowa ya malita 10 pansi pake, tsegulani monga mumachitira posamba, muwerenge masekondi mpaka idzaze.

Kuti malita 50 akwane, kagawidwe kake kamakhala chonchi. Akumwa malita atatu, ophikira atatu, osamba m'manja ndi kutsuka mano atatu. Osamba thupi malita 12, kutanthauza kunyowetsa thupi, kutseka, kupaka sopo, kenako kutsegula kuti mutsukuluze, zonse mphindi imodzi ndi masekondi ochepa madzi akutuluka. Otsukira mbale malita asanu ndi limodzi, m'mabeseni awiri osati pa mpopi wotsegula. Kuchapa kamodzi pa sabata kumagwera pa malita 10 pa tsiku. Kugujumula kamodzi, malita 9. Zonsezi ndi malita 46, ndipo anayi otsalawo ndi okolopera ndi a ziweto.

Kugujumula kamodzi pa tsiku sikukwanira, ndipo apa mpamene ndowa inakhala chida chachikulu cha mzinda wonse. Munthu amaima m'beseni lalikulu posamba, madzi a sopo aja n'kuwathira m'ndowa yoikidwa pambali pa chimbudzi. Madzi ozizira amene amayamba kutuluka musanafike otentha amatcheredwa padera, chifukwa ndi oyera. Madzi otsukuluzira zovala amagwidwa pa paipi ya kumbuyo kwa makina. Mkodzo wokha sugujumulidwa. Pogujumula ndi ndowa, madzi amathiridwa m'mbale ya chimbudzi momwemo, mwamphamvu ndiponso kamodzi, malita anayi kapena asanu. Kuthira pang'onopang'ono sikukankha kanthu, mumangotaya madzi. Musawathire m'kathanki ka pamwamba: tsitsi ndi sopo zimamatirira pa labala yotsekera, kathankiko n'kuyamba kudontha, ndipo kamanunkha. Kampopi kolowetsa madzi m'kathankiko mukatseke kuti alendo ndi ana asagujumule mwachizolowezi.

Kwa wowerenga wa ku Ndirande kapena ku Mtandire zimenezi si nzeru zachilendo. Kusamba m'ndowa ndi kugwiritsa ntchito madzi ochapira pokolopa ndi moyo wa tsiku lililonse. Ku Cape Town komweko, anthu a m'zisakasa za ku Khayelitsha ndi madera ena otere ankagwiritsa ntchito pafupifupi 4 peresenti yokha ya madzi a mzinda wonse. Iwo analibe choti achepetse. Amene anafunika kuphunzira ndi a nyumba za mabafa awiri ndi kapinga.

Ntchito imene anthu sanaione

Pamene anthu ankalimbana ndi ndowa, akatswiri a khonsolo ankachepetsa mphamvu ya madzi m'mapaipi. Mzinda unagawidwa m'madera ang'onoang'ono, dera lililonse n'kuikidwa valavu yochepetsa mphamvu imeneyi, yomwe imatchedwa presha, polowera madzi. Njirayi imapulumutsa madzi pawiri. Mpopi ukatsegulidwa umatulutsa madzi ochepa pa mphindi, mwini wake osachitapo kanthu. Chachiwiri, ndipo chachikulu, paipi iliyonse yong'aluka pansi pa nthaka imataya madzi molingana ndi mphamvu imene ikuwakankha. Usiku anthu akagona presha imakwera chifukwa palibe akutunga, ndipo ndi nthawi imene ming'alu imataya kwambiri. Kutsitsa presha usiku kumasunga madzi amene palibe akanawamwa. Ku Cape Town njirayi inapulumutsa malita mamiliyoni makumi angapo pa tsiku.

Ili ndi mavuto ake. Nyumba za pamtunda ndi zipinda za pamwamba m'nyumba zosanja ndi zimene zimayamba kuuma, choncho valavu imayenera kusinthidwa poyang'ana nyumba imene ili pamwamba kwambiri m'deralo, osati za m'munsi.

Ena angafunse kuti bwanji osangotseka madzi dera ndi dera, lero uku mawa uko, monga mabungwe ambiri a madzi amachitira, ndiponso monga anthu a ku Lilongwe anaonera mu 2016 madamu a Kamuzu atatsika. Njira imeneyi imaoneka yophweka koma imawononga. Paipi ikakhala yodzaza, mng'alu umatulutsa madzi kunja. Ikakhala yopanda kanthu, mng'alu womwewo umayamwa madzi a m'nthaka, ndipo ngati pafupi pali ngalande kapena chimbudzi chokumba, zonyansa zimalowa m'paipi ya madzi akumwa. Madzi akabwerera amakankha mpweya umene unadzaza m'paipi, kugunda kwake n'kuphulitsa malo ofooka. Komanso anthu akadziwa kuti mawa kulibe madzi amadzaza bafa, migolo ndi miphika yonse, ndipo madzi akabwera ambiri amataya akalewo n'kutunga atsopano. Mapeto ake mzinda ukhoza kugwiritsa ntchito madzi ofanana ndi kale, mapaipi atawonongeka ndi matenda atalowa. Nchifukwa chake Cape Town inayesetsa kuti mapaipi akhale onyowa, ngakhale madzi azituluka mofooka.

M'nyumba namo muli ming'alu yake. Mpopi wodontha kamodzi pa sekondi umataya pafupifupi malita 20 pa tsiku, chidebe chathunthu. Chimbudzi chodontha mwakachetechete chimataya oposa pamenepo kangapo. Kuti mudziwe, tsekani mipopi yonse, lembani manambala a pa mita, dikirani ola limodzi wina asatunge, muwerengenso. Akasuntha, pali pamene pakutayika. Thirani madontho a utoto wa zakudya m'kathanki ka chimbudzi, musagujumule kwa mphindi 15. Utoto ukaoneka m'mbale, labala yatha.

Chimene chinasintha mitima

Pa 18 Januwale 2018 meya wa mzindawo, Patricia de Lille, analengeza kuti anthu 60 pa 100 alionse anali kupitirirabe malita 87, ndipo kuti khonsolo yasiya kupempha, iyamba kukakamiza. Masiku ochepa pambuyo pake Day Zero inaikidwa pa 12 Epulo. Pa masabata otsatira madzi ogwiritsidwa ntchito anatsika mofulumira kuposa miyezi yonse ya m'mbuyo.

Mantha anagwira ntchito, ndipo sitingabise zimenezo. Koma mantha okha sakanakwanira, ndipo anabwera ndi zowononga zake. Mabotolo a malita asanu anatha m'masitolo pa maola ochepa, anthu a ndalama akugula ngolo zodzaza. Pa kasupe wa ku Newlands, kumene madzi a m'phiri amatuluka okha, mizere inayamba m'bandakucha, magalimoto kutseka misewu, ndipo panabuka ndewu mpaka achitetezo anaikidwa ndi malire a malita 25 pa ulendo. Mkangano pamzere wotere suyamba chifukwa madzi achepa. Umayamba wina akafika ndi zigubu khumi pamene mnzake ali ndi chimodzi, kapena pakaoneka woti akutunga kuti akagulitse. Alendo odzaona malo nawo anayamba kusintha maulendo, mahotela n'kutaya makasitomala.

Chimene chinapangitsa mantha aja kusanduka ntchito ndi chakuti anthu ankaona manambala. Sabata iliyonse khonsolo inkalengeza mlingo wa madamu, malita amene mzinda wagwiritsa ntchito poyerekeza ndi cholinga cha malita 450 miliyoni pa tsiku, ndi deti latsopano la Day Zero. Zikwangwani za magetsi m'misewu ikuluikulu zinkaonetsa zomwezo. Detilo linkayenda. Anthu akachepetsa, linkasunthira kutsogolo: ku Meyi, ku Juni, ku Julayi. Munthu woima m'beseni m'bafa mwake ankatha kuona kuti ndowa yake ikulumikizana ndi chinthu chooneka. Popanda zimenezi, kudzimana kumatopetsa msanga, chifukwa aliyense amayamba kuganiza kuti akuvutika yekha pamene ena akusamba mmene akufunira.

Maganizo amenewa, oti mnzanga akundidyera masuku pamutu, ndi amene amagwetsa ntchito iliyonse yosunga chinthu cha onse. Khonsolo inayesa njira ziwiri zothana nawo. Mu 2017 inatulutsa mayina a misewu imene munali nyumba 100 zogwiritsa ntchito madzi ambiri. Zinakopa manyuzipepala, koma zina mwa nyumbazo zinali ndi mapaipi ong'aluka pansi amene eni ake sankawadziwa, ndipo kuchititsa manyazi kumabala udani. Mu Januwale 2018 inatulutsa mapu a pa intaneti oonetsa kadontho kobiriwira pa nyumba iliyonse imene yasunga malire: kobiriwira kwambiri kwa ogwiritsa ntchito malita osapitirira 6,000 pa mwezi, kobiriwira pang'ono kwa osapitirira 10,500. Opitirira malire sankaonetsedwa ndi chizindikiro chofiira. Ena anadandaula kuti mapuwo akuulula za m'nyumba za anthu, ndipo dandaulolo linali ndi mfundo. Komabe kuonetsa ochita bwino kunauza aliyense uthenga wofunika: ambiri mumsewu wanu akutsatira, inu mukatsala mukhala nokha.

Zizolowezi zinasinthadi. M'maofesi ndi m'mabwalo a ndege mipopi yambiri ya m'zimbudzi inatsekedwa n'kuikapo mankhwala opaka m'manja. Mahotela anachotsa zotsekera m'mabafa kuti alendo asadzaze. Oimba ena anafupikitsa nyimbo zawo kukhala za mphindi ziwiri kuti munthu azidziwa nthawi yotseka shawa. Galimoto yafumbi ndi kapinga wouma zinasiya kukhala zamanyazi, m'malo mwake kapinga wobiriwira ndi amene ankafunsidwa mafunso, mpaka eni zitsime anayamba kupachika zikwangwani pa geti zonena kuti madzi awo si a khonsolo.

Kwa osamva panali chikwapu. Mitengo inakwezedwa kwambiri pa magawo apamwamba, kuti malita oyamba akhale otsika mtengo koma owonjezera apweteke m'thumba. Nyumba zopitirira malita 10,500 pa mwezi zinkaikidwa kachipangizo pa mita, pa ndalama za mwini nyumba, kotseka madzi akakwana malita 350 pa tsiku mpaka m'mawa wotsatira. Apa panali chilema chimene mzinda uliwonse uyenera kuchidziwa. Mita imawerenga nyumba, siwerenga anthu. M'madera a anthu osauka ploti imodzi imatha kukhala ndi banja lalikulu komanso alendi a m'tinyumba ta kuseri, mmene amakhalira ambiri ochokera kunja kuphatikizapo Amalawi ogwira ntchito kumeneko. Anthu 12 pa mita imodzi akagawana malita 350, aliyense apeza osakwana 30, pamene anthu awiri m'nyumba yaikulu ali ndi 175 aliyense. Panali njira yokalembetsa kuchuluka kwa anthu kuti malire akwezedwe, koma wopanga lendi kuseri si amene ali ndi dzina pa bilu. Malamulo akakhala osaona zimenezi, amalanga amene akusunga kale.

Ndalama zinabweretsanso vuto lina. Bungwe la madzi limapeza ndalama pogulitsa madzi. Anthu akachepetsa ndi theka, ndalama zimagwa, pamene mapaipi, mapampu ndi malipiro a antchito sizinachepe. Khonsolo itaganiza zoika msonkho wa chilala wotengera mtengo wa nyumba, anthu anakana mwamphamvu mpaka inausiya mu Januwale 2018. Kwa munthu amene wakhala miyezi akusamba m'beseni, bilu yokwera imamveka ngati chilango cha kumvera. Nkhani imeneyi imafunika kuifotokoza poyambirira, anthu asanaione okha pa bilu.

Alimi ndi amene analipira mtengo waukulu. Boma linadula gawo lawo la madzi ndi 60 peresenti, ndipo atamaliza gawolo mu Febuluwale mipopi yawo inatsekedwa, zomwe zinachepetsa kwambiri kutsika kwa madamu. Ena anazula mitengo yakale ya zipatso kuti madzi ochepawo apite ku yaing'ono. Ntchito pafupifupi 30,000 zinatha, zambiri za aganyu okolola. Mwezi womwewo alimi a ku Grabouw ndi Elgin, kudzera m'bungwe lawo la Groenland Water Users Association, anatsegulira mzinda malita pafupifupi 10 biliyoni a m'madamu awo, okwanira masiku pafupifupi 20. Poyerekeza, makina osefa madzi a m'nyanja amene anamangidwa mofulumira ku Strandfontein ndi Monwabisi ankayenera kutulutsa malita 7 miliyoni pa tsiku aliyense, ndipo a ku V&A Waterfront 2 miliyoni. Anayamba kugwira ntchito ngozi yaikulu itadutsa kale.

Pamene kusunga kumasanduka matenda

Pali malo amene madzi sayenera kuumiridwa, ndipo oyamba ndi m'manja. Madzi akasowa anthu amayamba kudumpha kusamba m'manja pochokera kuchimbudzi ndi asanagwire chakudya, ndipo kutsekula m'mimba kumatsatira, makamaka kwa ana. Kusamba m'manja ndi sopo, wina akukuthirirani ndi kapu kapena pogwiritsa ntchito kachigubu koboola, sikutha theka la lita. Kusambira m'beseni limodzi nonse sikusunga kanthu, kumangogawa majeremusi.

Madzi osambira ndi ochapira asagone kupitirira maola 24. Ali ndi sopo, litsiro la m'thupi ndi kutentha pang'ono, zimene mabakiteriya amakonda, ndipo tsiku lachiwiri amayamba kununkha. Ochapira matewera kapena zovala za wodwala m'mimba apite m'chimbudzi basi. A m'sinki ya kukhitchini ali ndi mafuta amene amatseka nthaka ndi kuitana ntchentche. Pa ndiwo zamasamba zodyedwa zosaphika musathire madzi ogwiritsidwa kale ntchito. Ndowa zokhala ndi madzi zikhale zovundikira kapena patali, chifukwa mwana wongoyamba kuyenda amatha kumira m'ndowa ya madzi ochepa.

Madzi akumwa osungidwa amaipa kawirikawiri m'nyumba momwemo osati kumene achokera. Chigubu cha pakamwa pang'ono chimaposa ndowa, chifukwa m'ndowa aliyense amamizamo kapu ndi zala zake. Chigubu chimene munali mafuta a galimoto kapena mankhwala a mbewu sichiyera ngakhale mutachitsuka kangati. Madzi a pa kasupe, a pa denga kapena a m'chitsime awiritsidwe mpaka abwadamuke kwa mphindi imodzi, kapena athiridwe kolorini. Ku South Africa mlingo wodziwika ndi supuni yaing'ono imodzi ya bulichi wopanda fungo lowonjezera m'malita 25, n'kudikira maola osachepera awiri. Madzi a matope ayambe asefedwa pa nsalu yoyera kapena adikhe, chifukwa matope amamwa mphamvu ya kolorini.

Mapaipi a zonyansa nawo amafuna madzi kuti ayende. Mzinda wonse ukachepetsa kugujumula, zolimba zimatsalira m'njira, ndipo nsanza, mafuta ophikira ndi timapepala tonyowa topukutira zimene kale zinkakokoloka zimayamba kutseka. Pa nthawi ya chilala m'chimbudzi muzilowa zoyenera zokha. Madzi akazimiratu, zimitsani giza, chifukwa chotenthetsera chake chikayaka popanda madzi chimapsa. Tsekaninso mipopi yonse: nyumba zambiri zimasefukira madzi akabwerera usiku mpopi utasiyidwa wotsegula.

Vuto lomaliza linachokera kwa amene anali ndi ndalama zodzipulumutsira. Anthu ambiri anagula matanki a madzi a mvula ndi kukumbitsa zitsime, ena n'kulumikiza madziwo ku mapaipi a m'nyumba. Presha ya khonsolo ikatsika pamene pampu ya pakhomo ikukankha, madzi osayezedwa a m'chitsime amabwerera m'paipi ya mumsewu n'kukafika kwa aneba. Pamafunika valavu yoletsa madzi kubwerera, kapena mapaipi awiriwo asakumane n'komwe. Ndipo madzi a pansi pa nthaka si a munthu mmodzi. Zitsime zikachuluka m'dera limodzi mlingo umatsika kwa onse, ndipo pafupi ndi nyanja madzi amchere amatha kulowa m'malo mwa amene apopedwa.

Mu Malichi 2018 kunalengezedwa kuti Day Zero sifika chaka chimenecho ngati anthu apitiriza kusunga. Madamu anatsika mpaka cha pa 20 peresenti, kenako mvula ya m'nyengo yozizira inagwa bwino ndipo pofika Sepitembala anali cha pa 70 peresenti. Pa 1 Okutobala malire anakwezedwa kufika pa malita 70. Mu 2020 madamu anadzaza, Theewaterskloof n'kusefukira. Ndowa zambiri zinachoka m'mabafa ndipo kagwiritsidwe ntchito ka madzi kanayamba kukweranso pang'onopang'ono, ngakhale mashawa otulutsa madzi ochepa, matanki ndi mavalavu a presha anatsala m'malo mwake. Mzindawo tsopano ukukumba madzi a pansi ku Cape Flats, ku Atlantis ndi m'miyala yosunga madzi yotchedwa Table Mountain Group. M'mapiri ozungulira madamu muli magulu a anthu odula paini, bulugamu ndi mitengo ina yobwera imene inafalikira yokha, yomwe kafukufuku anapeza kuti imamwa malita pafupifupi 55 biliyoni pa chaka asanafike m'madamu, madzi okwanira mzindawo miyezi iwiri. Malo ena ndi otsetsereka kwambiri moti odulawo amatsika ndi zingwe, ndipo amayenera kubwererako chaka ndi chaka chifukwa mbewu zotsalira m'nthaka zimameranso.